Kalavati ikamakokoloka chaka chilichonse, yang'anani kumene milamba yaima

Mvula yamphamvu yoyamba ikagwa usiku kuno ku Harare, kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala, mulawire m'mawa kupita pamene msewu wafumbi umadutsa pakamtsinje. Nthawi zambiri mukapeza ana atafika kale ndi mabeseni ndi masaka, ali m'dziwe la kumunsi kwa kalavati, paipi yodutsitsa madzi pansi pa msewu, akutola milamba ndi manja. Nsombazo zimakhala zitaunjikana, mitu yonse italoza kumtunda, madzi akuzigwera pamutu kuchokera kukamwa kwa paipi. Anawo amati ndi mwayi. Ine ndikaona zimenezi ndimadziwa kuti msewu umenewo sutha zaka ziwiri.

Ndine mmisiri womanga, wobadwira ku Mufakose, makolo anga anachokera ku Dedza. Za makalavati sindinaphunzire m'kalasi. Ndinaphunzira pakamtsinje kena kothira mumtsinje wa Marimba, pamene anthu a mapuloti atsopano anasonkha ndalama katatu kukonza malo amodzi omwewo. Ulendo woyamba amene anaika kalavati ndi kontrakitala wina amene sindimutchula, wachiwiri ndinaika ndine, ndipo maulendo onse awiri inapita ndi madzi. Tikukonzekera ulendo wachitatu amalume anga, amene anakulira kuwedza kumudzi, anabwera kudzaona. Anaima kumunsi kwa paipi, osayang'ana n'komwe msewu, n'kunena kuti, "Mphwanga, nsomba ingakwere apa?" Ndinati, "Amalume, ife tikumanga msewu wa anthu." Iwo anangoti, "Chabwino, manga."

Zinanditengera nyengo yamvula yathunthu kuti ndimve zomwe ankatanthauza. Chimene chimatsekereza nsomba ndi chomwecho chimene chimagumula msewu: paipi yaing'ono, yoikidwa pamwamba, yothamangitsa madzi. Mukakonzera nsomba mwakonzeranso galimoto. Zotsatirazi ndi mavuto amene ndimawapeza kawirikawiri ndikaitanidwa, ndi zomwe ndimachita.

Madzi akugwa ngati mathithi kukamwa kwa paipi

Ili ndiye vuto lalikulu, ndipo ndi limene anthu amaliona mochedwa chifukwa limachitika kumunsi, kumene woyenda pamsewu sasuzumirako. Tsiku loika, paipi imagonekedwa pamwamba pa mchenga wa mtsinje, zonse zikuoneka bwino. Mvula ikabwera, madzi amene anali kuyenda motambasuka amapanikizika m'paipi n'kutuluka ndi liwiro, ngati mmene amachitira mukatsina kukamwa kwa paipi yothirira dimba. Liwirolo limakumba dzenje. Chaka choyamba dzenje limafika m'kakolo, chachiwiri m'bondo, kenako limayamba kudya chobwerera m'mbuyo, kulowa pansi pa paipi yomaliza. Paipiyo ikalendewera imaweramira pansi, mfundo imatseguka, dothi la msewu limayamba kugwera mkati, ndipo tsiku lina mumadzangoona chibowo pakati pa msewu ngati una wa nyama.

Kwa nsomba, vuto limayamba kale kwambiri msewu usanasonyeze chilichonse. Mlamba, umene anzathu achishona amati muramba, ndi nsomba yolimba: umapuma mpweya wa kunja, umatha kukwawa paudzu wonyowa, umakhala m'madzi amene nsomba zina zingafe. Koma si wodumpha. Umadikira mvula yoyamba kuti ukwere kukaikira mazira muudzu womira m'madambo, mazirawo amamatirira kuudzu n'kuswa patatha tsiku limodzi kapena awiri. Nthawi yake ndi yaifupi choncho. Ukatsekerezedwa masiku atatu pansi pa paipi, madzi m'dambo aphwera, chaka chapita. Matemba ndiye amalephera ngakhale pamene madzi akugwa kutalika kwa chikhatho chimodzi.

Choyamba yezani. Tengani tepi, muyeze kuchokera pansi pa kukamwa kwa paipi kufika pamwamba pa madzi a m'dziwe, nthawi imene mtsinje ukuyenda mwa masiku onse. Ngati kugwako sikupitirira masentimita 30 kapena 40 ndipo paipi idakali yolimba, mutha kukonza osakumba msewu. Njira yake ndi kukweza madzi a kumunsi kuti abwerere m'paipi. Mumamanga mizere ya miyala ikuluikulu yodula mtsinje kumunsi kwa dziwe, mzere uliwonse wotsika kuposa unzake ndi masentimita 10 mpaka 15, osapitirira apo. Ngati kugwa kuli masentimita 40, ndiye kuti mizere itatu kapena inayi, yotalikirana mokwanira kuti pakati pake pakhale kadziwe kopumulira nsomba. Mzere woyandikira paipi ndi umene uyenera kukweza madzi mpaka amize pansi pa kukamwa.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, ine ndemwe ndinalakwitsapo. Mzere wa miyala usakhale wowongoka ngati khoma. Ukhale wokhota ngati uta, msana wake utaloza kumtunda, pakati potsika, m'mbali mokwera, kuti madzi azisonkhana pakati m'malo mokadya magombe. Malekezero onse awiri alowe m'gombe pafupifupi mita, apo ayi madzi adzangouzungulira. Miyala yake ikhale yoti amuna awiri akuvutika kuinyamula, ndipo yoposa theka ikwiririke pansi, itatsamira pa ina yobisika kumunsi kwake. Mipata mutseke ndi timiyala ndi dothi, chifukwa madzi akamadutsa m'mipata m'malo modutsa pamwamba, nsomba zimasowabe njira. Zidutswa za njerwa ndi zigumu za nyumba musataye nazo nthawi, zimapita ndi mvula yoyamba.

Ngati kugwa kwafika m'chiuno, kapena paipi yomaliza yayamba kale kuwerama, miyala sikuthandizani. Kumbani muyambirenso.

Poikanso, paipi imire

Paipi yabwino ndi imene pansi pake simupaona. Ikwiririke pansi pa mtsinje ndi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu a kukula kwake. Paipi ya mamilimita 900 imire masentimita 20 kapena kuposerapo pang'ono, kumtunda ndi kumunsi komwe, ndipo mkati mwake muthiremo zomwezo zimene zili pansi pa mtsinjewo: miyala, nsangalabwi, mchenga, zosakanikirana. Nsomba ikalowa izipeza miyala yobisalapo ndi madzi oyenda pang'onopang'ono m'mphepete, ngati kuti idakali mumtsinje. Nkhanu ndi achule nazonso zimayenda bwino pamenepo kusiyana ndi pakonkire yoterera.

Mukathira miyala mkati, thirani mchenga pamwamba n'kuutsira madzi ndi ndowa kuti ulowe m'mipata. Mukapanda kutero, m'chilimwe madzi onse adzaziyenda pansi pa miyala, pamwamba pali gwaa.

Kupendekeka kwa paipi kufanane ndi kwa mtsinje. Izi sizifuna makina. Paipi yoonekera mkati yodzaza madzi ija, imene timagwiritsa ntchito polinganiza maziko a nyumba, ndi yokwanira. Koma musayeze pafupi ndi msewu, chifukwa pamenepo kalavati yakale inanamiza kale mtsinje: kumtunda kunaunjikana mchenga, kumunsi kuli dzenje. Pitani mamita 20 kapena 30 mbali zonse ziwiri, pamene mtsinje uli mmene unalili, muyeze pamenepo, mukoke chingwe. Chingwe chimenecho ndiye pansi penipeni pa mtsinje, ndipo paipi imire kuchokera pamenepo.

Chinanso, paipi itsate kumene mtsinje ukupita. Ndaona malo ambiri pamene mtsinje umadutsa msewu chopingasa, koma omanga anaika paipi molunjika kuti asunge mapaipi awiri. Madzi saiwala khwawa. Adzagunda pakhoma, adzadya gombe, ndipo adzatsegula njira yawo yakale pambali pa paipi yanuyo.

Paipi ndi yaing'ono

Pamsonkhano wa anthu osonkha ndalama, funso limakhala lakuti, "Ndalama zathu zikwana paipi yanji?" Funso limenelo ndi limene latayitsa anthu ndalama zambiri kuposa lina lililonse. Mtsinje sudziwa kuti mwasonkha zingati.

Yezani mtsinje kaye. Kumtunda, kutali ndi msewu, yang'anani pamene madzi amafika chaka wamba mtsinje ukadzaza koma usanasefukire. Pamaoneka: ndi pamene mchenga ndi matope zimalekeza, udzu wokhalitsa n'kuyamba, pamene gombe limapindikira. Yezani m'lifupi malo atatu, mutenge chapakati. Khomo la kalavati lisachepere pamenepo, ndipo akatswiri ambiri amalangiza kuwonjezera gawo limodzi mwa asanu. Mtsinje wa mamita 2 ukufuna khomo la mamita 2.4. Mukafika pamenepa mudziwe kuti nkhani ya paipi yatha, pakufunika kalavati ya bokosi kapena kamlatho kokhala ndi makoma awiri ndi silabu pamwamba, pansi posiyidwa mwachilengedwe. Pakufunikanso injiniya woti awerengere zitsulo, makamaka ngati padzadutsa makombi ndi malole a njerwa. Mmisiri amene angakuuzeni kuti silabu ya mamita awiri ndi theka aichita ndi maso, muthaweni.

Kwa timifuleni tating'ono, pamene paipi ikukwanira, pali chinthu chimodzi chimene anthu sakhulupirira mpaka utawalembera pansi. Mapaipi awiri a mamilimita 600 safanana ndi imodzi ya mamilimita 900. Khomo la paipi ya 600 ndi pafupifupi masikweya mita 0.28, awiri ndi 0.57, pamene ya 900 yokha ndi 0.64. Pakuyenda kwa madzi kusiyana n'kokulirapo: ya 900 imanyamula madzi pafupifupi katatu kuposa ya 600 zikapendekeka mofanana. Ndiye onjezanipo kuti pakati pa mapaipi awiri pamakodwa nthambi iliyonse yodutsa. Imodzi yaikulu imaposa ziwiri zazing'ono. Ndipo poti gawo lina mulikwirira, gulani yokulirapo kuposa imene mukanagula.

Kumbukiraninso kuti madzi a lero si a zaka khumi zapitazo. Pamene panali thengo pali malata ndi mabwalo a simenti, ndipo mvula yomweyo imafika kumtsinje mofulumira, yonse nthawi imodzi. Ngati kumtunda kwanu akugawabe mapuloti, mangirani madzi a mawa.

Madzi alipo koma ndi osaya

Izi zimachitika pamakalavati a bokosi apansi pa konkire yosalala, kapena pamene pali mapaipi atatu anayi oikidwa mofanana. M'nyengo yamvula zonse zili bwino, koma madzi akachepa amayala ponseponse ngati pepala, osamiza ngakhale msana wa mlamba. Pabokosi, mangani timizere ta konkire kapena ta miyala todula pansi, tokhala ndi mpata wotsika mbali imodzi, kuti madzi ochepawo asonkhane m'kanjira kamodzi ndiponso mchenga ukhazikike. Dziwani kuti timizere timeneti timachepetsa khomo, choncho musatiike m'kalavati imene imadzaza kale mpaka kudenga. Pamapaipi angapo, imodzi ya pakati pa mtsinje ikhale yotsika kuposa zinzake. Zinazo zizigwira ntchito madzi akachuluka basi, ndipo masiku ena onse zimakhala njira youma ya tinyama.

Yatsekeka ndi zinyalala

Mabotolo apulasitiki, matewera a ana, mapesi a chimanga cha m'mbali mwa mtsinje, nthawi zina matiresi athunthu. Palibe luso la umisiri limene lingathetse izi. Paipi yaikulu imatsekeka mochedwa, ndizo zokha. Pakhale anthu odziwika, osati "tonse", oti achotse zinyalala mu Okutobala mvula isanayambe ndiponso m'mawa uliwonse mvula yamphamvu ikagwa. Achotse madzi ataphwera, ataima pagombe ndi khasu kapena ngowe. Munthu asalowe m'madzi kumtunda kwa paipi yotsekeka, chifukwa ikatseguka mwadzidzidzi imakoka chilichonse.

Sefa ya zitsulo pakhomo penipeni pa paipi sindiikonda. Imatseka msanga kuposa paipi yomwe, imatsekereza nsomba zikuluzikulu ndi akatumbu, komanso kuno zitsulo zoonekera sizigona masiku ambiri. Ngati nthambi ndizo zikuvuta, zikani mizati itatu inayi ya konkire mamita angapo kumtunda, yotalikirana bwino, kuti igwire zikuluzikulu madzi n'kumadutsa.

Msewu ukudyeka m'mbali, kapena madzi akutuluka pansi pa paipi

Apa vuto ndi ntchito yothamanga. Madzi akupeza njira pakati pa paipi ndi dothi. Pakufunika khoma lakumaso mbali zonse ziwiri, lokhala ndi mapiko olowa m'gombe, ndipo maziko ake atsike kupitirira pansi pa paipi ndi theka la mita kapena kuposa, kuti atseke njira ya pansiyo. Dothi lokwirira lithiridwe pang'onopang'ono, masentimita 15 n'kutsendera, 15 ena n'kutsendera, mbali zonse ziwiri mofanana. Dothi lakuda la m'dambo musakwiririre, limatupa likanyowa n'kung'aluka likauma. Bweretsani gelevulo. Pamwamba pa paipi ya konkire pakhale masentimita 60 ngati padzadutsa malole. Kalavati yanga yoyamba ija inagwa chifukwa cha zimenezi: tinakwirira tsiku limodzi ndi dothi lomwe tinakumba pompo, poti anthu ankafuna msewu utseguke Loweruka lisanafike.

Zinyama zikugundidwa pamsewu pomwepo

Mukamapeza achule ophwanyika, nkhasi, ng'azi kapena ntchenzi zitafa pamalo amodzimodzi, ndiye kuti zikukana kulowa m'kalavati. Nyama zambiri zoyenda m'mbali mwa madzi zimatsata gombe, ndipo gombe likathera pakhoma zimakwera pamsewu. Ngakhale katumbu, wosambira bwino chotere, amapewa paipi yodzaza madzi othamanga. Ngati simukudziwa kuti katumbu alipo, yang'anani pamiyala ya m'mbali: ndowe zake zimakhala zodzaza ndi zikamba za nkhanu zophwanyikaphwanyika.

Chofunika ndi kakhonde kouma mkati mwa kalavati, m'mbali mwa khoma, kotambalala pafupifupi theka la mita, kokwera kuposa pamene madzi amafika masiku wamba a dzinja. Pabokosi kapena kamlatho n'kosavuta, mumangoyala miyala n'kuimanga ndi simenti, pamwamba n'kusiya pokhakhala. Koma kalumikizane ndi gombe kumtunda ndi kumunsi. Ndinaonapo kakhonde komangidwa bwino kwambiri kothera m'malere, pamwamba pa madzi, koti nyama ikanafunika makwerero kuti ifikepo. Pamene pali paipi yozungulira, ikani paipi ina ya 600 pambali, pamalo okwera, muthiremo dothi pang'ono. Udzu ndi zitsamba za pagombe zisiyeni zifike pafupi ndi khomo, nyama siikonda kudutsa poyera.

Msewu wodutsa m'dambo

Apa ndinene mosabisa: malo ambiri amene ndimaitanidwa sipanayenere kudutsa msewu. Harare inamangidwa pamwamba pa madzi ake omwe. Mukuvisi, Marimba ndi timitsinje tawo tonse timathera mu Manyame ndi m'nyanja ya Chivero, imene damu lake linamangidwa mu 1952, ndipo madzi a m'mipopi yathu amachokera komweko kudzera kumalo oyeretsera madzi a Morton Jaffray. Madambo ndiwo amasunga madziwo n'kumawatulutsa pang'onopang'ono, akusefa. N'chifukwa chake Monavale Vlei, Cleveland Dam ndi Chivero zili m'gulu la malo asanu ndi awiri amene Zimbabwe inalembetsa pansi pa pangano la Ramsar, la mayiko loteteza madambo, italowamo mu 2013.

M'dambo madzi sayenda m'khwawa limodzi, amayenda motambasuka muudzu. Mukaunda msewu n'kuika paipi imodzi pakati, kumtunda kumasanduka dziwe, kumunsi kumang'ambika chigwembe chimene chimaumitsa dambo lonse m'zaka zochepa. Ngati palibiretu njira ina yozungulira, pafunika makomo ambiri omwazikana m'litali monse mwa msewu, onse pamlingo wa nthaka, osakumba ngalande yowasonkhanitsira. Pamsewu wa magalimoto ochepa, pamtsinje wouma miyezi yambiri, drifiti, kutanthauza msewu woti madzi amadutsa pamwamba pake, yoyalidwa molingana ndi pansi pa mtsinje imakhala yotchipa ndiponso siitsekereza nsomba, bola kumunsi kwake kutetezedwe ndi miyala kuti kusakumbike. Kuipa kwake n'koti mtsinje ukadzaza mumadikira, ndipo pamafunika mizati yosonyeza kuya kwa madzi kuti madalaivala asayese mwayi.

Musanakumbe, pitani ku EMA, bungwe la boma loona za chilengedwe, ndi kukhonsolo ya dera lanu. Gawo 113 la lamulo la zachilengedwe, Environmental Management Act, limaletsa kusokoneza dambo popanda chilolezo cholembedwa, ndipo malamulo a mu 2007 amateteza mamita 30 kuchokera m'mphepete mwa mtsinje. Kulima chimanga mpaka pagombe, kumene ambiri a ife timachita poti ufa wakwera mtengo, ndiko kumadzaza makalavati ndi mchenga. Ndikunena izi ndili ndi kamunda kanga komwe ndinakabweza m'mbuyo monyinyirika.

Za nthawi yogwira ntchito n'zachidule. Gwirani pakati pa Ogasiti ndi Okutobala, madzi ali ochepa, nsomba zisanayambe kukwera. Patutsani madzi ndi masaka a mchenga kuti mugwire pouma. Madzi a simenti yaiwisi amapha nsomba ndi achule, choncho wilibala ndi mafosholo muzitsukira kutali ndi mtsinje, ndipo madzi muwabwezere konkire itauma.

Pali chimodzi chimene kalavati yabwino singachite, ndiko kuyeretsa madzi. Mitsinje yathu yambiri imalandira zonyansa za m'masuweji ophulika, ndipo mu Disembala 2024 zipembere zinayi zinafa ku Chivero zitamwa madzi oipa. Ana otola milamba aja muwaletse kudya nsomba za m'madzi onunkha, ngakhale zikuoneka zonenepa.

Pakamtsinje kathu kaja, ulendo wachitatu tinachotsa mapaipi awiri a 600 n'kumanga bokosi limodzi, pansi pomira, mkati modzaza miyala ya mumtsinje momwemo, kakhonde kumanzere. Anthu anadandaula za mtengo mpaka tsiku lomaliza. Mvula yoyamba itagwa ndinalawira ndi tochi. Dziwe la kumunsi linali litayamba kukwiririka ndi mchenga, ana panalibe, ndipo m'dambo la kumtunda udzu unkagwedezeka m'malo mopanda mphepo. Pakakhonde panali matope atsopano ndi mapazi a kanyama kamene sindinakazindikire. Ndinajambula n'kutumizira amalume pa WhatsApp. Anayankha madzulo kuti ndi ntchenzi, n'kufunsa ngati kuli wina wa msampha kumeneko.